Mpeni wa Tepi Yachikasu

Lachinayi limenelo a Chikhadabo anabwera kuntchito atavala malaya osita, oyera mbee, ngati munthu wokalandira mphotho. Anzawo a pa fakitale anawayang'ana, n'kuyang'anana.

Dzinali analitengera ku chala chawo chachikulu cha kumanja. Zaka makumi atatu ndi zinayi akutsegula mipeni yopinda tsiku ndi tsiku, chikhadabo chija chinakhuthala, chinada, mpaka chinakumbika kamzere pamene chimakola chitsulo. Akazi awo ankati tsiku lodzawaika m'manda chiswe chidzamaliza zonse, koma pa chala chimenecho chidzagonja. Ntchito yawo inali kuyesa mipeni isanalowe m'makatoni. Kale ankazungulira okha m'fakitale monse, kutola mpeni apa, kutola apo. Mawondo atayamba kuvuta anawaikira mpando pafupi ndi zenera, ndipo m'mawa uliwonse mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito pa mwala wonolera, ankawabweretsera mipeni khumi pa thireyi. Khumiyo ikakhala bwino, katundu yense wa tsikulo ankapita. Ikapanda kukhala bwino, ha! Mukadamva. Munthu uja anali ndi mawu oposa makina onse pamodzi, ndipo akayamba kukalipa sankaonanso kuti uyu ndi mwana wanga, uyu ndi mlamu wanga.

Tsono nkhani inali yotere. Bwana wamkulu amene anayambitsa fakitaleyo anamwalira n'kusiyira ana ake awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Nthawi ina maoda atachuluka, anawo anayamba kupangitsa mpeni womwewo, wa chigwiriro chakuda chomwecho, ku mafakitale ena awiri: ina kutsidya kwa nyanja, ina m'dziko loyandikana nalo. Kenako maoda aja anaphwa. Wamkaziyo anati mafakitale atatu achuluka, patsale imodzi. Wamwamunayo, amene onse ankamutchulabe bwana wamng'ono ngakhale anali ndi dazi kale, ankafuna patsale ya bambo ake. Anakangana miyezi isanu ndi umodzi. Pomaliza anagwirizana kuti aike patebulo mipeni itatu, umodzi wa ku fakitale iliyonse, ataphimba ndi tepi timalemba tosonyeza kumene unapangidwira. A Chikhadabo ayese. Fakitale ya mpeni umene iwo anene kuti wapambana itenge ntchito yonse, zinazo basi.

Anthu khumi ndi asanu ndi anayi ankadyera pa fakitale imeneyo, ndipo m'tauni monsemo munalibenso wina wofuna munthu wodziwa kunola kapena kuumitsa chitsulo. Ikatsekedwa, onsewo ndi a pakhomo.

A Chikhadabo atamva kuti amene anabweretsa maganizo oyesa mipeni anali mlongo wa bwana wamng'ono, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi ameneyu sukulu yamuwononga mutu," anauza akazi awo. "Akuganiza kuti ine ndingalephere kuzindikira mwana wanga pakati pa ana a eni ake? Ngakhale andimange m'maso, ndiumva kulira kwake."

Chimene chinkawakwiyitsa ndi anzawo. M'malo mosangalala kuti mlandu wagwera m'manja mwa munthu wawo, sabata yonse ankangoyenda nkhope zitagwa. Mantha a anthu osadziwa ntchito, a Chikhadabo anatero mumtima.

M'mawa umenewo atafika pansi pa masitepe opita ku ofesi, anapeza mwana wawo uja ataima pamenepo, manja akupukutira ku ovolosi. Anzake ankamutchula Namanzere, chifukwa zonse ankachita ndi dzanja lamanzere. Anali ndi ana atatu, mwamuna anathawa kalekale.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "musakathamangire kulankhula. Mukauyang'anitsitse uliwonse kaye."

"Iwe lero uziphunzitsa ine?"

"Ayi, bambo, ndimangoti..."

"Umangoti chiyani? Mwala ukuzungulira wokha uko. Pita."

Kumbuyo kwake kunaima alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene ankayang'anira ng'anjo youmitsira chitsulo. A Chikhadabo anagwira chitsulo cha masitepe n'kuyamba kukwera, sitepe imodzi imodzi, mawondo akulira.

Mu ofesi anapeza zonse zili m'malo. Chopanira zitsulo anachimangirira m'mphepete mwa tebulo, pambali pali chingwe cha khonje, nyuzipepala yakale ndi thabwa. Bwana wamng'ono ankangotembenuza cholembera m'manja, thukuta lili pa dazi. Mlongo wake anakhala phee, kabuku kali pamiyendo. Pakati pa tebulo panali mipeni itatu yofanana ngati anapiye a nkhuku imodzi, uliwonse atautsegula pang'ono n'kuumata tepi kutsinde kwa chitsulo, pamene pamakhala timalemba. Wina tepi yobiriwira, wina yofiira, wina yachikasu.

"Madala, tili m'manja mwanu," anatero bwana wamng'ono.

"Khazikani mtima pansi, bwana. Bambo anu sanalembe ntchito munthu wakhungu."

Anayamba ndi wobiriwira. Anautseka, n'kukoletsa chikhadabo, n'kukoka. Unatseguka molimba ngati chitseko cha dzimbiri, koma utafika kumapeto unakhazikika gwa. Anaugwedeza uku ndi uku, sunagwedere. Anadula chingwe maulendo makumi awiri, kenako unayamba kutafuna m'malo modula.

"Uwu ndi wa anansi athuwa," anatero. "Amayesetsa. Chitsulo n'chokhuthala, kanoledwe n'ka munthu wothamangira kunyumba. Mpeni woti ungayende nawo kumunda, koma osati woti upatse munthu ngati mphatso. Lembani kuti wachiwiri kapena wachitatu, tiona."

Anatenga wofiira. Abale inu! Chikhadabo chitangokola, chitsulo chinatuluka chokha, mofewa, osakhula paliponse, ndipo kumapeto sipuling'i inati kha! Mawu oyera, amodzi, opanda kachiphokoso kotsalira. A Chikhadabo anatsinzina. Anautseka, anautsegulanso. Kha! Anauyang'ana utatsekedwa: chitsulo chinagona pakati penipeni pa chigwiriro, osapendekera mbali. Anaimika pepala la nyuzi m'mwamba n'kulitsetsereza, linagawika mwakachetechete. Chingwe anadula maulendo makumi anayi, dzanja lawo ndilo linatopa, ndipo atauyendetsa pa mkono unameta cheya. Anaumenyetsa msana pa thabwa kuti aone ngati ungatsekeke wokha, sunasunthe. Kenako anatembenuza kumbuyo n'kusisita ndi chala kumapeto kwa sipuling'i. Kunali kozungulira bwino, kosalala.

Mtima wawo unadzaza. Kuzungulira kumenekutu anakuyambitsa ndi iwo, zaka makumi awiri zapitazo, mnzawo wina atadandaula kuti mpeni ukumubowolera matumba a buluku. Anayang'ana bwana wamng'ono n'kumutsinzinira diso limodzi, ndipo bwana uja anapuma, n'kuika cholembera pansi.

"Uwu sindinenapo zambiri," anatero a Chikhadabo. "Amene anapanga uwu analeredwa."

Tsono munthu akapeza wake, wa eni ake samuonanso ngati mpeni, amauona ngati mdani. A Chikhadabo ananyamula wachikasu ndi zala ziwiri, ngati akunyamula khoswe wakufa.

Unatseguka mokhula, chitsulo chikupalana ndi m'mbali mwa chigwiriro, ndipo kumapeto unangoti pwe. Anaugwedeza, unagwedera ngati dzino la nkhalamba. Anaseka. Pa chingwe unadula bwino maulendo asanu, pofika khumi ndi awiri kukamwa kwake kunali kutapindika. Atamenyetsa msana pa thabwa unatsekeka wokha, pang'onong'ono kuwatema chala.

"Mwaona? Mwaona? Akadakhala mwana wa munthu bwenzi pano tili kuchipatala!"

Panalibe chifukwa choti aupanirenso m'chopanira, zinali zitaoneka kale. Koma mawu anali atawatentha. Anapanira nsonga, anakankha chigwiriro pang'ono, ndipo chitsulo chija chinapindika n'kukhala chopindika, ngati supuni ya malata.

"Lembani, mayi, lembani zonse, musasiye kanthu. Amene anaumitsa chitsulo ichi akagulitse makala, moto saudziwa. Amene ananola, manja ake ndi a khasu. Ndipo amene anayesa mpeni uwu n'kuuvomereza kuti upite kwa anthu, ameneyo ndiye mbava yeniyeni, akudya malipiro aulere. Fakitale yotulutsa zinyalala ngati izi itsekedwe lero, mawa kwatalika!"

Mlongo wa bwana anasiya kulemba. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwake munalibe chimwemwe.

"Mwatsimikiza, bambo? Ngati mukufuna kuyesanso, nthawi ilipo."

"Ine sindiyesa kawiri. Wofiira woyamba, wobiriwira wachiwiri. Uwu sindiupatsa nambala."

Anasainira pakabuku paja, bwana wamng'ono naye anasainira akumwetulira. A Chikhadabo anamasula chopanira, n'kutenga wachikasu uja kuti auponye patebulo. Dzuwa la pazenera linagwera pachitsulo.

Mwala wonolera umasiya timizere, ndipo timizereto timapendekera mbali imene dzanja la wonola limakokera. Pa mpeni uwu tinapendekera mbali inayo, ya munthu wamanzere. Kutsinde, pafupi ndi tepi, panali kadzenje kakang'ono kamene kamatsala munthu akafulumira kuchotsa chitsulo pamwala. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akumukalipira munthu mmodzi yekha chifukwa cha kadzenje kameneko.

Anafuna kunena kuti dikirani kaye, koma anachedwa. Mlongo wa bwana anali atayamba kale kumatula tepi yofiira. Anatembenuzira timalemba tija kwa mchimwene wake, ndipo kumwetulira kuja kunazimiririka pang'onopang'ono.

"Wa kutsidya kwa nyanja," anatero mayiyo.

"Bodza!" a Chikhadabo anakuwa. "Mwasinthanitsa! Sipuling'i iyo ndi yanga, kuzungulira uko ndinakuyambitsa ndine!"

"Ndi yanudi, bambo. Titayamba kupangitsa kumeneko anapempha chitsanzo, ndipo ndinu amene munatsegula kabati ya malemu bambo n'kusankha mpeni wakale uja. Munati akaone mmene mpeni umapangidwira. Anaona. Akhala akuukopera mpaka lero, osasintha kanthu." Anamatula tepi yachikasu, koma sanavutikenso kuwaonetsa. "Itatu yonseyi tinakagula dzulo m'sitolo, ine ndi achimwenewa, ngati mmene munthu wamba angagulire. Madandaulo a ogula akhala akubwera zaka zitatu. Ndikawauza, iwo amati, a Chikhadabo akuvomereza tsiku lililonse, ndiye vuto lili pati?"

A Chikhadabo anayang'ana mpeni wopindika uja uli m'manja mwawo. Anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire, manyazi otentha m'makutu. Anayesa kuuwongola ndi zala, ngati kuwongola kungabweze mawu.

Bwana wamng'ono anaphimba nkhope ndi manja. Atachotsa, maso anali ofiira.

"Kumapeto kwa mwezi uno," anatero. "Madala, mukawauze ndinu. Ine sindingathe kutsika."

Kutsika kunawatengera nthawi kuposa kukwera. Pofika pakati pa masitepe anazindikira kuti makina onse azimitsidwa. M'fakitale munali zii, moti ankamva mpope wa pakona ukudontha. Anthu anasonkhana pansipo, ena atakhala pa mabokosi, ena atatsamira khoma. Palibe amene anafunsa kuti zayenda bwanji. Anangoyang'ana mpeni wopindika uja, umene a Chikhadabo anaiwala kuusiya mu ofesi.

Anayenda mpaka pamene panaima Namanzere n'kumuonetsa.

"Wanola ndiwe uwu?"

"Inde, bambo."

"Nanga imene umandibweretsera m'mawa?"

Namanzere anayang'ana amalume ake. Alamu aja anavula magolovesi, n'kuwapinda bwinobwino, ngati akuzengereza kuti mwina wina alankhula.

"Alamu, mukukumbukira chaka chija anasintha kogula chitsulo?" anayamba. "Ndinabwera pampando panu apo. Ndinati chitsulo chatsopanochi sichikugwira moto, ndipo geji yoyezera kutentha kwa ng'anjo yafa, mukauze bwana. Munandiyankha chiyani?"

A Chikhadabo ankakumbuka. Tsiku lija anati chitsulo chilibe mlandu, mlandu uli ndi manja aulesi. Anati m'masiku awo kunalibe geji, munthu ankaona ndi maso kufiira kwa moto. Ananena pamaso pa onse, mpaka alamu awo, bambo wa imvi, anakalira kuseri kwa ng'anjo.

"Sabata imeneyo munabweza katundu masiku anayi otsatizana," alamuwo anapitiriza. "Maoda anachedwa, bwana anayamba kunena zochotsa anthu. Ndiye ndinakumbuka kuti kuseri kwa nyumba yosungira katundu kunatsala mitanda ya chitsulo chakale. Tinati tizingopanga mipeni khumi ya chitsulo chimenecho, ya pa thireyi panu, mpaka zinthu zikhale bwino. Ndinkaiumitsa payokha, ndi maso, monga munanenera. Mwanayu ankainola nthawi ya nkhomaliro. Tinkati ndi za mwezi umodzi."

"Zaka zinayi," anatero Namanzere.

"Nonsenu mumadziwa?"

Anayang'ana nkhope imodzi imodzi. Womanga zigwiriro, wokhoma misomali, mlonda, onse anayang'ana pansi.

"Bwanji osandiuza? Ine ndikadakwera masitepe awo! Bwana wamng'ono ndinamunyamula ali khanda, akadandimvera! Tikadabweza chitsulo chakale, tikadakonza ng'anjo!"

"Tinkadziwa kuti akadakumverani," anatero Namanzere. Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri. "Ndinu nokha amene akadakumverani. Koma munthu akadayambira pati kukuuzani, bambo? Kawiri konse ndinabwera ndi mpeni wa m'bokosi m'thumba mwanga kuti ndikuonetseni. Ndisanautulutse munali mutayamba kale za kadzenje kanga. Lero lomwe m'mawa ndinayesa."

A Chikhadabo anafunafuna woti amukalipire. Anayang'ana alamu awo, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana zenera la ofesi kumwamba kuja. Mkwiyo unalipo, wochuluka, koma unasowa kolowera, unangowakhala pachifuwa ngati mwala. Anthu awa anawanamiza zaka zinayi, zoona. Koma anawanamiza chifukwa chowaopa, ndipo kuopedwako iwo ankakuyesa ulemu, ankakunyadira ngakhale kunyumba. Chitsulo chabwino chotsiriza cha pa fakitale chinathera kutontholetsa nkhalamba imodzi pampando.

Anakhala pansi pa sitepe yomaliza, malaya oyera aja akukhudza fumbi la oilo. Mawu amene anatumidwa kudzanena anali asanawanenebe. Onse ankawadikira, ngakhale ankawadziwa kale, poti mpaka munthu atawanena pamakhalabe kachiyembekezo.

Kumapeto kwa chipindacho kunkamveka kaphokoso ka mapepala. Anali mayi wa makatoni, mkazi wamasiye amene anayamba ntchito nthawi ya bwana wamkulu, wopinda timabokosi toikamo mipeni. Makutu ake anagontha kalekale ndi phokoso la makina, ndiye sanadziwe n'komwe kuti azimitsidwa. Atatukula mutu n'kuona anthu atasonkhana, anabwera akukoka mapazi, mulu wa makatoni osapinda uli m'khwapa. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pamaso pa a Chikhadabo.

"Mwatsika kodi, achimwene?" anafunsa mokweza, monga amachitira ogontha. "Ndimafuna ndikufunseni. A mwezi wamawa ndipinde angati? Ndiyambiretu, zalazi masiku ano zikuchedwa."

"Siyani, mayi," anatero a Chikhadabo chapansipansi.

"Mwati angati?"

"Ndati siyani."

Mayiyo anaika dzanja kukhutu n'kuwerama pafupi. Namanzere anasuntha kuti amutengere pambali, koma bambo ake anamuletsa ndi dzanja. Anagwira chitsulo cha masitepe, anadzikoka mpaka kuimirira, n'kukoka mpweya. Mawu aja anatuluka onse, mpaka malata a padenga anayankha.

"Musapindenso, mayi! Kulibe mwezi wamawa! Atitseka!"

Mayi uja anamva. Anayang'ana makatoni anali m'khwapa mwake, kenako anayang'ana uku ndi uku, kusowa powaika.